Funsani Aphunzitsi: "Macbeth wandizunguza mutu"

Makalata a mwezi uno anachuluka, ndipo ambiri akununkha mayeso. Ndasankhapo anayi. Amene simunayankhidwe musadandaule, makalata anu ndawasunga m'katoni ya sopo pansi pa tebulo.

Aphunzitsi, ndili mu Folomu 4 pa sukulu ina yoyendera. Tikuwerenga sewero la Macbeth. Nkhani yake ndikuidziwa: munthu anapha mfumu kuti alowe ufumu, pamapeto nayenso anaphedwa. Koma akatifunsa za dramatic irony, soliloquy ndi aside ndimangoti kukamwa yasa. Matanthauzo ndinaloweza, koma akati ndisonyeze m'bukumo ndimasowa pogwira. Ndithandizeni.
Mtsikana wa ku Mponela, Dowa

Mwana wanga, ndikukuona m'maganizo mwangamu. Wakhala pamkeka, buku lili pamiyendo, ukuwerenga chamumtima ngati nkhani ya m'nyuzipepala. Vuto layambira pomwepo. William Shakespeare analemba seweroli cha m'ma 1606 kuti anthu alionere, ndipo linadzasindikizidwa m'buku mu 1623, mwini wake atamwalira kale mu 1616. Zimene wagwira m'manjazo ndi mawu oti anthu aimirire, ayende, alankhule, wina akuwayang'ana.

Tsono pa tsamba lililonse uzidzifunsa funso limodzi: apa ndani akudziwa chiyani, ndipo ndani ali mumdima? Zinthu zitatu watchulazo zonse zimachokera pa funso limeneli.

Tiyambe ndi dramatic irony. Unaonapo kamwana katanyambita shuga wa m'kabati, kenako n'kumalumbira pamaso pa alendo kuti sikanakhudze, pomwe shuga ali mbuu pamlomo? Alendo amaseka chifukwa akuona chimene kamwanako sikakudziwa kuti chikuoneka. Basitu. Oonerera akudziwa, wolankhulayo sakudziwa, ndiye mawu ake amamveka pawiri: iye akutanthauza china, ife tikumva china.

Tsegula Act 1, Scene 5. Lady Macbeth wawerenga kalata ya mwamuna wake, wamva kuti mfumu Duncan ikubwera kudzagona kwawo ku Inverness, ndipo watsimikiza kuti sidzatulukamo yamoyo. Akulangiza mwamuna wake kuti aoneke ngati duwa koma akhale njoka yobisala pansi pake. Ifeyo tamva zonsezi. Tembenuza tsamba, Scene 6. Duncan wafika pachipata, ndipo choyamba kutuluka m'kamwa mwake ndi kuyamikira malowo, kuti linga lili pabwino ndipo kamphepo kake n'kokoma. Banquo, mnzake wa Macbeth, akuvomereza, n'kuloza timbalame tonga anamzeze tamanga zisa pakhoma, akuti timbalameti timakonda pomwe pali mpweya wabwino. Nkhalamba ikuyamikira nyumba yomwe iferemo usiku womwewo. Palibe wanama m'mawu amenewa, koma iwe woonerera umafuna kukuwa kuti agogo bwererani. Kufuna kukuwako ndiye ntchito ya dramatic irony, ndipo pamayeso ndi chimenecho akufuna ufotokoze. Ukangolemba kuti "apa pali dramatic irony" n'kusiyira pomwepo, walemba theka la yankho.

Ine imene imandigwira mtima kwambiri ili mu Act 4, Scene 3. Macduff, imodzi mwa nduna za ku Scotland, wathawira ku England. M'chigawo chapitacho taona tokha achiwembu a Macbeth akulowa m'nyumba mwake, kubaya kamnyamata kake ndi kuthamangitsa mkazi wake. Ndiye akufika Ross, nduna inzake, kuchokera ku Scotland, uthenga uli pakhosi. Macduff akufunsa za mkazi wake, Ross akuti ali bwino. Ana nawo? Ali bwino. Akuti anawasiya ali pamtendere. Aliyense amene anatumidwapo kukanena uthenga wa maliro akudziwa kuzungulira kumeneku, pomwe umayamba ndi "matenda aja akula" ukudziwa kuti anthu ayamba kale kusesa pabwalo. Ndinkati ndikafika pamenepa m'kalasi, ngakhale anyamata a kumbuyo aja ankasiya zogogoda desiki.

Soliloquy ndi aside zimakusokonezani chifukwa zonse ndi munthu kulankhula za kumtima kwake. Njira yozisiyanitsira ndi kuwerenga mitu ya anthu ali pabwalo. Akakhala yekhayekha n'kumalankhula motalika, imeneyo ndi soliloquy. Akakhala pakati pa anzake, n'kupotolokera kumbali ndi kuponya mawu omwe anzakewo sakuyenera kumva koma ife timve, imeneyo ndi aside. Mu Act 1, Scene 4, Duncan akulengeza kuti mwana wake Malcolm ndiye Prince of Cumberland, kutanthauza wodzalowa ufumu. Macbeth wangomaliza kumene kulankhula mwaulemu kwa mfumu, kenako akutembenuka n'kunena chapansipansi kuti apa pagwa chipika panjira, achilumphe kapena chimugwetse, ndipo akupempha nyenyezi zibise kuwala kuti zisaone zofuna zake zakuda. Mfumu ili pomwepo, ikumuyamikira. Imeneyo ndi aside.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu azilankhula yekha ngati wazungulira mutu? Wolemba nkhani ya m'buku amatha kulowa m'mutu mwa mpangankhani n'kutiuza zimene akuganiza. Wolemba sewero alibe mwayi umenewo, chilichonse chiyenera kutuluka pakamwa kapena kuoneka ndi maso. Soliloquy ndi zenera lake. Werenga ya mu Act 1, Scene 7. Macbeth watuluka pa phwando, ali yekha, akudziweruza mlandu. Duncan ndi m'bale wake. Ndi mfumu yake. Ndi mlendo wake, yemwe amayenera kumutsekera chitseko kuti wachiwembu asalowe, osati iye mwini kunyamula mpeni. Komanso walamulira bwino. Mbali inayo akupezako chifukwa chimodzi chokha, dyera lofuna mpando. Munthuyu akudziwa bwinobwino kuti akulakwa. Popanda zenera limeneli tikanangomuona ngati chigawenga wamba, ndipo sewero lonse likanapepuka. Akadzakufunsani ngati Macbeth anachita kukakamizidwa ndi mkazi wake, umboni wako ukautenge pamenepa.

Pali chinanso chomwe sunafunse koma chimabwera, comic relief. Mu Act 2, Scene 3, mfumu itangophedwa, pakutulukira mlonda wa pachipata ataledzera, akudziyesa mlonda wa ku gehena, akuchedwa kutsegula pomwe Macduff ndi Lennox akugogoda. Manotsi ambiri amangoti n'zoseketsa kuti oonerera apumeko. N'zoona, koma ine sindikhutira nazo. Pamaliro pamakhala chidakwa chimodzi chomwe chimalankhula zopanda mutu anthu n'kuseka mobisa, koma ukamvetsetsa umapeza kuti chalasa penipeni. Linga limene Duncan analiyamikira lija lasandukadi gehena, ndipo woledzerayo wanena zoona osadziwa. Komanso nthawi yonse akubwebweta, kugogoda sikukusiya, ndipo ife tikudziwa kuti kuchipinda kuli mtembo. Ukuseka uku mtima uli m'mwamba.

Udandaulanso, monga amachitira ambiri, kuti anthu a Shakespeare amalankhulitsa. Kumbukira malo ake. Bwalo la Globe ku London, lomwe linamangidwa mu 1599 m'mbali mwa mtsinje wa Thames, pakati pake panalibe denga, ndipo masewero ankachitika masana dzuwa likuwala. Kunalibe magetsi oti azimitse kuti kude. Ndiye Fleance, mwana wa Banquo, akamalowa ndi muuni mu Act 2, Scene 1, Banquo n'kumufunsa za usiku, mwana n'kuyankha kuti mwezi walowa, akupanga mdima ndi pakamwa. N'chimodzimodzi sewero la pa wailesi pomwe wina amati "Aa, achimwene, mwabwera ndi njinga yatsopano?" chifukwa womvera sakuiona njingayo. Ndipo Lady Macbeth woyamba anali mnyamata, popeza nthawi imeneyo akazi sankasewera pabwalo ku England.

Chaka china, pa sukulu yomwe sinditchula, ndinaganiza zoti ana anga asewere Act 5 pabwalo la mpira. Paja Macbeth analonjezedwa kuti sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam itayenda kufika ku phiri la Dunsinane, ndipo Malcolm akulamula msilikali aliyense kudula nthambi n'kuinyamula kuti adani asadziwe chiwerengero chawo. Ndinauza anyamata kuti apeze timasamba. Mmawa ndinapeza mitengo ya malaina yomwe ahedi anadzala kutsogolo kwa ofesi ili mbulanda. Ndinaitanidwa, ndinapepesa, ndinagula mbande ndi ndalama za m'thumba mwanga. Koma masana ake, anyamata 30 atatulukira kuseri kwa kalasi ali m'nthambi, akubwera pang'onopang'ono, mtsikana wina anaimirira n'kukuwa kuti "Nkhalango ikuyendadi!" Chinthu chomwe ndinalephera kufotokoza milungu itatu pa bolodi chinalowa m'mphindi imodzi.

Iwe usadule mitengo ya eni. Itana anzako awiri Loweruka, mutenge Act 2, Scene 2. Wina akhale Macbeth, wina Lady Macbeth, wachitatu aime panja agogode chitseko pomwe buku lanena. Muwerenge mokweza, mutaimirira. Mawu ovuta alumpheni kaye. Ukamva mkaziyo akunena kuti timadzi pang'ono tiwayeretsa, pinda tsambalo, kenako upite ku Act 5, Scene 1, komwe akuyenda kutulo akupukuta manja, akulira kuti ngakhale mafuta onunkhira onse a ku Arabia sangachotse fungo la magazi. Ukadzaona masamba awiriwo moyandikana, undilemberenso.

Aphunzitsi, pa sukulu pathu buku limodzi timagawana anthu 8. Anzanga akuti palibe chifukwa chovutikira, manotsi a pa WhatsApp ndi okwana kukhoza MSCE. Kodi n'zoona?
Mnyamata wa ku Ulongwe, Balaka

Manotsi ali ngati fungo la ndiwo za kwa aneba: umadziwa kuti kwaphikidwa chambo, koma sukhuta. Ena ndi abwino, ena analembedwa ndi munthu yemwe nayenso anakopera kwa wina. Ndinaonapo pepala la mwana yemwe analemba molimba mtima kuti Macbeth anabaya Banquo ndi dzanja lake. Ayi ndithu. Analemba ganyu achiwembu, ndipo Fleance anathawa. Kusiyana kumeneku si kwachabe, chifukwa kukusonyeza momwe munthuyu wasinthira: Duncan anamupha yekha akunjenjemera, koma pofika pa mnzake wapamtima wayamba kutuma anthu, ngakhale mkazi wake osamuuza.

Za kuchepa kwa mabuku ndikuzidziwa, ndaphunzitsamo. Macbeth ndi limodzi mwa masewero aafupi kwambiri a Shakespeare. Anthu 8 mukhoza kukhala pansi pa mtengo, buku n'kumazungulira, Act imodzi pa tsiku, masiku 5 mwamaliza. Aliyense akopere m'kope mwake mizere yochepa yomwe yamugwira, ndi Act ndi Scene yake. Amenewo ndiye manotsi ako enieni.

Ndipo poyankha funso lalitali usayambe kufotokoza nkhani yonse kuchokera pa afiti a koyambirira kwa seweroli, wochonga mayeso akuidziwa kuposa iwe. Ndime iliyonse inyamule mfundo imodzi. Nena mfundoyo m'chiganizo choyamba, bweretsa chochitika cha m'buku chochitira umboni, kenako fotokoza chomwe chochitikacho chikutiuza pa funso lomwe wafunsidwa. Ana ambiri amataya malikisi pa gawo lomalizali: amaika umboni patebulo n'kuchokapo, ngati mboni yomwe yabweretsa nkhwangwa kubwalo la amfumu koma osanena kuti nkhwangwayo yatani.

Aphunzitsi, ine ndine kholo komanso mkulu wa mpingo. Ndinatsegula buku la mwana wanga n'kupeza kuti likuyamba ndi afiti atatu. Kodi n'koyenera kuti ana athu aziphunzira zoterezi kusukulu?
Bambo wa ku Santhe, Kasungu

Bambo, zikomo kuti munatsegula bukulo, makolo ambiri satero. Ndikupempheni mupitirire tsamba loyambalo. Mukawerenga Act 1, Scene 3 mosamala mupeza kuti afitiwo sanamuuze Macbeth kuti aphe munthu. Anangomulonjera ndi maudindo, lomaliza n'loti adzakhala mfumu. Ganizo la kupha linatumphuka mumtima mwake momwe. Banquo anali pomwepo, nayenso analoseredwa kuti ana ake adzakhala mafumu, koma sanakweze dzanja, ndipo anachenjeza mnzakeyo kuti amdima amatha kukunyengerera ndi tizoona tating'ono kuti akugwetsere m'dzenje lalikulu. Ndikukhulupirira mawu otere munawalalikirapo paguwa.

Malonjezo awo onse ndi msampha. Anauza Macbeth kuti palibe wobadwa mwa mkazi angamuphe, ndipo iye anadalira zimenezo mpaka Macduff anamuuza kuti iye sanabadwe monga abadwira ena, anachita kung'ambidwa m'mimba mwa amayi ake nthawi isanakwane.

Afitiwo ali m'seweromu pa chifukwa chinanso. Mfumu James ya ku Scotland inalowa ufumu wa England mu 1603, ndipo gulu la Shakespeare linakhala pansi pa dzina lake. Mfumuyi inali italemba buku lonena za ufiti mu 1597, komanso banja lake linkati linachokera mwa Banquo. N'chifukwa chake Banquo wa m'seweromu ndi woyera m'manja, pomwe m'buku la mbiri la Raphael Holinshed, momwe Shakespeare anatapa nkhaniyi, anathandizira nawo chiwembucho. Macbeth weniweni analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057, zaka 17, ndipo Duncan anafera kunkhondo, osati pabedi. Wolemba naye ankadziwa yemwe akumudyetsa.

Aphunzitsi, ndinamaliza Folomu 4 zaka ziwiri zapitazo ndipo Chingerezi ndinakhoza bwino. Ndalemba makalata ofunsira ntchito oposa 10 koma sindinaitanidwepo. Ndakutumizirani imodzi, yofunsira ukalaliki pa sitolo ya zipangizo zomangira, kuti muione.
Mnyamata wa ku Chilomoni, Blantyre

Ndaiwerenga, mwana wanga, ndipo kalembedwe ka dzanja lako n'kokongola. Koma tamvera chiganizo chako choyamba: "I humbly prostrate myself before your most esteemed and benevolent office in quest of any vacancy whatsoever." Ndinachita kuvula magalasi. Mawu onsewo ndi Chingerezi chenicheni, koma ndafika pa mzere wachisanu ndi chimodzi ndisanadziwe ntchito yomwe ukufuna. Mwini sitolo ali ndi makalata mulu, kasitomala akumudikira pa kauntala, lole ya simenti ikutsitsa panja. Iye sakudziwa chilichonse cha iwe kupatula chimene chili papepalapo, ndipo akupatsa mphindi imodzi.

Ichi n'chizolowezi chomwe ife aphunzitsi tinakupatsani tokha, ndivomere. Tinkaombera m'manja mwana wa mawu aataliatali pa mtsutso, ndiye munayamba kuganiza kuti Chingerezi chabwino ndi chimene mnzako sangachimve. M'kalata ya ntchito, kugwada kochuluka kumaoneka ngati ulibe choti unene.

Ikonze chonchi. Keyala yako pamwamba kudzanja lamanja ndi tsiku pansi pake, keyala ya sitoloyo kumanzere. Ukatha malonje, ika mutu wotchula ntchitoyo ndi dzina lake. Chiganizo choyamba chinene ntchito yomwe ukufunsira ndi komwe unaiona. Chiganizo chonga "I am applying for the post of stores clerk advertised at your shop on 3 March" chakwana. Mawu oti "any vacancy" achotse, chifukwa wofuna ntchito iliyonse amaoneka kuti sadziwa ntchito iliyonse.

Ndime yachiwiri ndiye pali chuma chako, koma unachikwirira. Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi siginecha, walemba mwamanyazi kuti unathandizapo amalume ako pa okala yawo. M'kalata yomwe wandilembera ine, ya Chichewa, wafotokoza kuti kwa chaka ndi theka ndiwe unkalemba katundu wolowa ndi wotuluka m'kope, kuwerengera ndalama madzulo aliwonse ndi kukapikula katundu ku Limbe. Imeneyotu ndi ntchito ya kalaliki. Ilembe momwemo, ndi nthawi yake, m'ziganizo zitatu zazifupi. Mawu oti "hardworking", "honest" ndi "God-fearing" aliyense amalemba, ngakhale wakuba. Kope la katundu lija si aliyense analigwirapo.

Potseka wasakaniza. Unayamba ndi "Dear Sir/Madam" n'kumaliza ndi "Yours sincerely". Ukayamba osatchula dzina la munthu, tseka ndi "Yours faithfully". "Yours sincerely" amayendera limodzi ndi dzina, monga ukalemba "Dear Mr" kenako dzina la munthuyo. Saina, kenako ulembe dzina lako lonse pansi pake. Zonse zikwane tsamba limodzi. Ukamaliza, muwerengere mnzako mokweza, ndipo pomwe lilime lako lapunthwa, chiganizocho chidule pawiri.

Sindikukulonjeza kuti ukatero ntchito yapezeka, ofuna ntchito achuluka kuposa malo, ndipo ukudziwa wekha. Koma kalata iyi sinakupatse n'komwe mwayi wowerengedwa. Chinanso, nambala ya foni waika m'munsimo ndinaiimba kawiri kuti ndikuuze izi pakamwa. Anayankha ndi mlamu wako, akuti foniyo ndi yake ndipo iwe umabwerako Lamlungu lokha.